Muwerenga chiyani chaka chino, ana anga?

Chaka chikamatembenuka, ambiri a inu mumadzilonjeza zinthu. Wina ati asiya mowa, wina ati ayamba kageni, ndipo masiku ano ndikumva achinyamata ena a mu Mpingo akunena kuti amaliza Baibulo lonse, n'kuwonjezerapo buku limodzi mwezi uliwonse. Mtima umenewo ndi wabwino, sindifuna kuuzimitsa. Koma malonjezo otere ambiri safika pa Lachitatu la Phulusa, ndipo chifukwa chake si ulesi ayi. Januwale kwathu kuno ndi mwezi wothina: udzu wakula kumunda, feteleza wobereketsa akufunika, fizi yafika, m'nkhokwe mwayamba kuoneka pansi. Amene wadzisenzetsa mabuku khumi ndi awiri m'mwezi wotere amawatula onse nthawi imodzi, kenaka n'kumadziyesa wolephera. Choncho ine ndikuti sankhani mabuku ochepa, anayi kapena asanu, koma muwamalize. Ndondomeko yowerengera musavutike n'kuipeka nokha, Mpingo unakonza kale.

Chaka cha Mpingo sichiyamba pa 1 Januwale. Chimayamba Lamulungu loyamba la Adiventi, ndipo mawerengo a pa Misa ya Lamulungu anawagawa m'zaka zitatu. Chaka A timamva Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Mateyo, chaka B wa Marko, chaka C wa Luka, pomwe wa Yohane umamveka kwambiri m'nyengo ya Lenti ndi ya Pasaka. Kudziwa chaka chimene tili n'kosavuta. Chaka chogawika ndi 3 popanda chotsala, monga 2025 kapena 2028, ndi chaka C, chotsatira chake ndi A, kenaka B. Buku lanu loyamba likhale Mthenga Wabwino wa chaka chimenecho, ndipo muuwerenge wonse kuyambira mutu woyamba mpaka wotsiriza. M'tchalitchi timaumva m'zidutswa, sabata ino kachigawo aka, sabata yamawa kena, mwinanso Lamulungu lina mwapita kumaliro. Munthu angathe kufika zaka makumi asanu akupita ku Misa koma osadziwa chimene chinachitika Yesu asanadyetse chikhamu cha anthu, kapena kumene anapita atachidyetsa. Marko ali ndi mitu 16 yokha, ndipo mukamuwerenga mokweza simufika maola awiri. Mukamutsata mwandondomeko mudzaona chimene zidutswa sizionetsa: ophunzira aja akuchedwa kumvetsa, akukangana za ukulu, akuthawa usiku wa kugwidwa kwa Ambuye, komabe Ambuyewo osawataya. Mateyo ali ndi mitu 28, ndipo mudzapezamo ziphunzitso zisanu zazitali, choyamba chake n'chija cha paphiri. Luka ali ndi mitu 24, ndipo ndi iye amene anasunga bwino nkhani za amayi, za amphawi ndi za anthu onyozeka. Mutu umodzi patsiku ndi wokwanira. Munda umatha ndi mzere umodzi umodzi.

Ndikukuletsani kuyambira pa Genesis ngati kali koyamba. Genesis amakoma, Eksodo nayenso amayenda bwino mpaka pa phiri la Sinai, koma kuchoka apo mumakumana ndi miyeso ya chihema, kenaka malamulo a nsembe a mu Levitiko, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amatsekera Baibulo osadzalitsegulanso. Mabuku amenewo ndi Mau a Mulungu ndithu, koma amafuna wokuperekezani. Mudzawafika mutadziwa kaye Yesu amene Malembo onsewo akulozako.

Pogula Baibulo tsegulani tsamba la mndandanda wa mabuku, muwerenge. Baibulo la Akatolika lili ndi mabuku 73: a Chipangano Chakale 46 ndi a Chatsopano 27. Ngati simukuona Tobiti, Yuditi, Baruki, Luntha, Sira ndi mabuku awiri a Amakabeo, limenelo lili ndi mabuku 66, ndipo tsiku lina mudzasakasaka werengo la pa Misa osalipeza. Ife akale tinakulira Malembo Oyera, Baibulo limene bambo Louis Villy anamasulira, lotuluka mu 1966. Anzathu a mipingo ina anali kale ndi Buku Lopatulika kuyambira mu 1922. Mu 1998 kunatuluka Buku Loyera, limene Akatolika ndi a mipingo ina anagwirira ntchito limodzi, ndipo Chichewa chake n'chapafupi ndi chimene mumayankhula inu. Limapezeka mitundu iwiri, choncho funsani lokhala ndi mabuku asanu ndi awiri aja. Ndimamva chisoni kuti achinyamata ambiri sanawatsegulepo. Sira ali ndi mitu 51, ndipo akukamba zimene mukukumana nazo tsiku ndi tsiku: kusamala bambo wako nzeru zikayamba kuwathawa, kusiyanitsa bwenzi lenileni ndi bwenzi la pambale, kukongoza ndi kukongola ndalama, kuopsa kwa lilime, ngakhale kulemekeza dokotala ndi mankhwala ake. Tobiti ndi nkhani ya mitu 14 ya nkhalamba yakhungu yokonda kuika maliro a anthu osowa owaika, ndi mwana wake amene anatumidwa ulendo wautali kukatenga ndalama, n'kubwerako ndi mkazi. Nkhani imeneyi muwawerengere agogo anu madzulo. Ambiri a iwo maso anafooka, ena sukulu sanaione n'komwe, ndipo mudzadabwa ndi mafunso amene adzakufunseni.

M'miyezi ya mvula ino, pamene nthawi ili yochepa, werengani mbiri yaifupi ya munthu mmodzi: Benedict Daswa Wodala, wa ku Limpopo m'dziko la South Africa. Anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale, katekisiti, bambo wa ana asanu ndi atatu. Kumapeto kwa 1989 ndi kumayambiriro kwa 1990 mphenzi zinatentha nyumba m'mudzi mwawo. Akuluakulu anagwirizana kuti aliyense asonkhe marandi 5 oti akalipire sing'anga woloza amene akutumiza mphenzizo. Daswa anakana. Anati mphenzi ndi chilengedwe, ndipo chikhulupiriro chake sichimulola kusonkha ndalama yoti iphetse munthu wosalakwa. Pa 2 Febuluwale 1990 anthu anamutchingira msewu akubwerera kwawo pagalimoto, anamugenda, anamuthamangitsa, n'kumupha ndi chibonga. Mpingo unamutchula Wodala pa 13 Sepitembala 2015, ndipo timamukumbukira pa 1 Febuluwale. Ndikuumirira pa munthu ameneyu chifukwa nkhani yake si yachilendo kwa ife. M'midzi mwathu muno nkhalamba zikumenyedwa, zina kuphedwa kumene, poziganizira ufiti mwana akamwalira mwadzidzidzi kapena mvula ikadula, ndipo amene amatola miyala nthawi zambiri ndi anyamata, ena a iwo obatizidwa. Mukawerenga za Daswa mudzifunse ngati inu mukadasonkha. Pa 8 Febuluwale pali Josephine Bakhita Woyera wa ku Sudan, amene anagwidwa ukapolo ali mwana, n'kudzamwalira ali sisteri ku Italy mu 1947. Mbiri yake nayonso ndi yaifupi.

Lenti ikafika, pali kalata imene Mkatolika aliyense wa ku Malawi ayenera kuiwerenga ndi maso ake, osangoimvera kwa ena. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Kukhala Moyo m'Chikhulupiriro Chathu, pa Chingerezi Living Our Faith. Inu munabadwa anthu akuyankhula momasuka m'minibasi, ndiye n'kovuta kuti mumvetse mantha a masiku amenewo, pamene munthu ankayamba wacheuka asanatchule dzina la boma. Kalatayo sinatukwane munthu. Inangonena poyera zimene aliyense ankaziona: kusiyana kwakukulu pakati pa olemera ndi osauka, malipiro ochepa a antchito, kuthithikana kwa ana m'makalasi, kuperewera kwa chithandizo m'zipatala, kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, ndi kuopseza aliyense woganiza mosiyana. Patangopita masiku ochepa maepiskopi, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona, anaitanidwa ndi apolisi. Boma linati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo kunasanduka mlandu. Nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka, kumene inasindikizidwa, inayatsidwa moto, ndipo Monsinyo John Roche amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu anapitikitsidwa m'dziko. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba anaguba kuikira kumbuyo maepiskopi. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota pa riferendamu n'kusankha zipani zambiri.

Kalatayo ndi yaifupi, mungathe kuimaliza madzulo amodzi. Koma musaiwerenge ngati nkhani yakale yonyadira nayo. Tengani cholembera, ndipo pa dandaulo lililonse mulembe m'mbali ngati latha kapena likadalipo m'dera lanu. Mukatero funsani ku ofesi ya parishi kalata yatsopano ya maepiskopi athu. Makalata amenewa amawerengedwa kamodzi pa guwa, anthu ena akusinza ndi kutentha, kenaka amatsekeredwa m'kabati. Amene mukufuna kalata ya Apapa, tengani Laudato si' ya Papa Francis ya mu 2015, yonena za kusamala chilengedwe. Aliyense amene anaona zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023, kapena amene akuona mapiri akumetedwa chifukwa cha makala, sadzafuna womumasulira chifukwa chake kalatayo inalembedwa. Palinso Christus vivit ya mu 2019, imene analembera inu achinyamata.

Nyengo ya Pasaka ili ndi masiku 50, ndipo werengo loyamba pa Misa limachokera m'buku la Ntchito za Atumwi, la mitu 28. Muliwerenge lonse m'nyengo imeneyo, makamaka pamodzi ndi anzanu a mumphakati, kapena kuti limana monga ena amanenera. Mudzaona akhristu oyamba akusonkhana m'nyumba, akugawana chakudya, akudandaula kuti amasiye ena akumanidwa pogawa thandizo, n'kukhala pansi kukonza vutolo. Miphakati yathuyi sinagwe kumwamba. Maepiskopi a chigawo chino cha Africa anaiika patsogolo m'zaka za m'ma 1970, ndipo mmodzi mwa amene anailimbikira kwambiri ndi Ambuye Patrick Kalilombe, amene anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Boma la nthawi imeneyo linaikayikira miphakatiyo, mpaka Ambuye Kalilombe anachoka m'dziko. Maganizo awo ali m'buku lotchedwa Doing Theology at the Grassroots, la mu 1999. Amene mumakonda mbiri, fufuzaninso buku la Ian Linden la mu 1974, Catholics, Peasants and Chewa Resistance in Nyasaland. Mudzamva za ansembe a White Fathers amene anafika kwa Mponda mu 1889 n'kuchokako osaphula kanthu, za a Montfort amene anayamba ku Nzama mu 1901, za kukhazikitsidwa kwa Mua mu 1902, ndi za mkangano wautali pakati pa mishoni ndi gule wamkulu. Bukulo silibisa zolakwa za amishoni, ndipo n'chifukwa chake ndimalikhulupirira. Chikhulupiriro chimene chimaopa mbiri yake yomwe sichinakhwime.

Nthawi yogula buku ndi yokolola, ndalama ya soya, mtedza kapena fodya ikalowa. Pamenepo gulani katekisimu. Katekisimu wamkulu wa Mpingo wa Katolika anatuluka mu 1992, nthawi ya Papa John Paul II, ndipo ali ndi ndime 2,865 m'zigawo zinayi: chikhulupiriro, masakramenti, moyo wachikhristu ndi malamulo, ndi pemphero. Pali chidule chake cha mu 2005 cha mafunso ndi mayankho 598, ndiponso YOUCAT ya mu 2011 yolembera achinyamata. Ambiri a inu munasiya katekisimu tsiku limene munalandira Ulimbitso, ndiye mukuyenda ndi mayankho a mwana wa zaka khumi ndi ziwiri pamene mafunso amene mukukumana nawo ndi a munthu wamkulu. Mnzanu wa kuntchito akakufunsani chifukwa chake mumagwadira mafano, mumangoseka mwamanyazi, kapena mumapsa mtima. Zonse ziwiri sizithandiza. Tsegulani ndime 2129 mpaka 2132, muone chimene Mpingo umaphunzitsa pa zithunzi ndi ziboliboli. Za ulemu umene timapereka kwa Amayi Maria zili pa ndime 971. Za kupempherera akufa ndi purigatoriyo zili pa 1030 mpaka 1032. Za maula, kuombeza ndi matsenga, zija anafera Daswa, zili pa 2115 mpaka 2117. Buku ili simuliwerenga ngati nthano. Mumapita nalo ndi funso lanu. Koma ngati mufuna chigawo chimodzi choti muwerenge chonse, tengani chachinayi, cha pemphero, chimene chimatsiriza ndi kufotokoza pemphero la Atate Athu pempho ndi pempho. Pamene simukumva, pitani kwa bambo mfumu, kwa asisteri kapena kwa akatekisiti. Safunsa anadya phula.

Ndinenepo za foni. Sindidana nayo. Baibulo lilimo, makalata a Apapa alimo aulere, ndipo Radio Maria, Radio Alinafe ndi Luntha TV zimathandiza amene alibe mabuku. Koma pa WhatsApp pamayendanso mauthenga onena kuti Amayi Maria aonekera kwakuti, tumizani kwa anthu khumi mukapanda kutero muona tsoka. Zimenezo si chiphunzitso cha Mpingo, ndipo munthu wowerenga katekisimu amazizindikira msanga. Ngati muwerengera pa foni, tsekani kaye intaneti, chifukwa simungamve Yesaya uku mauthenga akulira mphindi iliyonse.

M'miyezi yozizira ndi yopuma kumunda, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ndi pamene mungathe kunyamula buku lolemerako. Pa 3 Juni timakumbukira Amaritiri a ku Uganda, Charles Lwanga ndi anzake, amene ambiri a iwo anatenthedwa ku Namugongo mu 1886, ndipo wamng'ono pa onse, Kizito, anali mnyamata wa zaka ngati 14. Koma buku limene ndikufunitsitsa kuti mulimalize lisanafike tsiku la 28 Ogasiti ndi Confessions la Augustine Woyera, amene timamukumbukira pa tsikulo. Munthu ameneyu ndi wa ku Africa kuno, anabadwira ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria, mu 354. Anali mwana wanzeru amene makolo anadzimana kuti aphunzire, ndipo atapita ku tauni ya Carthage anataya chikhulupiriro cha amayi ake. Anakhala ndi mkazi zaka zambiri popanda ukwati, anabereka naye mwana dzina lake Adeodatus, analowa kagulu ka chipembedzo china kwa zaka zisanu ndi zinayi, anathamangira ntchito yapamwamba ku Rome ndi ku Milan, ndipo ponyamuka ulendo wa ku Rome anawanamiza amayi ake n'kuwasiya padoko. Zonsezi akuzinena yekha, poyankhula ndi Mulungu, osadzikometsera. Amatha masamba angapo akudzifunsa chifukwa chake ali ndi zaka 16 anaba mapeyala ndi anzake pamene sanali ndi njala, ndipo yankho limene amapeza lidzakukhudzani nonse amene munachitapo choipa pongofuna kusangalatsa gulu. Anatembenuka mtima mu 386 atawerenga ndime ya kalata ya Paulo kwa Aroma, ndipo Ambrose Woyera anamubatiza pa Pasaka wa 387. Amayi ake, Monica Woyera, amene timawakumbukira pa 27 Ogasiti, anamwalira chaka chomwecho ku Ostia. Bukuli lili ndi zigawo 13. Werengani zisanu ndi zinayi zoyamba, m'mene muli mbiri ya moyo wake. Zinayi zotsalazo n'zozama, zikhoza kudikira chaka china. Atsikana, muyang'anitsitse Monica. Sanali mayi wongolira chabe. Anali ndi mwamuna waukali, anali ndi zofooka zake zimene mwana wake sanazibise, ndipo anawoloka nyanja kulondola mwanayo.

Ngati Augustine akulemerani, tengani Story of a Soul ya Thérèse wa ku Lisieux, amene anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1897 ali ndi zaka 24. Amene muli pabanja kapena pantchito, Francis de Sales analemba Introduction to the Devout Life mu 1609 poganizira anthu ngati inu, osati a m'nyumba za masisteri okha.

Musaganize kuti Mkatolika amawerenga mabuku a mapemphero okhaokha. Papa Francis, amene ali wachinyamata anaphunzitsapo zolembalemba kusukulu, analemba kalata mu 2024 yolimbikitsa ngakhale ophunzira zaunsembe kuwerenga nthano ndi ndakatulo, chifukwa zimaphunzitsa kumvetsera mtima wa munthu wina. Werengani Nthondo ya Samuel Josia Ntara, Kukula ndi Mwambo ya John Gwengwe, kapena And Crocodiles Are Hungry at Night ya Jack Mapanje, yofotokoza zaka zimene anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Bambo Joseph Chakanza anasonkhanitsa miyambi 2,000 ya Chinyanja m'buku lotchedwa Wisdom of the People. Liikeni pambali pa buku la Miyambo ndi la Sira, muone pamene makolo athu ndi Malembo akugwirizana ndi pamene akusiyana.

Ndikudziwa kuti mabuku ndi odula. N'chifukwa chake ndikuti musagule nokhanokha. Achinyamata khumi a mumphakati umodzi akasonkha, aliyense n'kusankha buku losiyana ndi la mnzake, onse amakhala ndi mabuku khumi. Funsani zofalitsidwa ndi a Montfort Media ku Balaka, a Likuni Press ku Lilongwe ndi a Kachere ku Zomba, ndipo funsaninso ku parishi kwanu, chifukwa nyumba zambiri za ansembe zili ndi mabuku ongodyedwa ndi chiswe posowa owapempha. Mukabwereka bwezani. Pakhale kope lolembamo wobwereka ndi tsiku lobweza, ndi munthu mmodzi wolisunga. Nkhokwe zambiri za mabuku m'maparishi zinatha chifukwa cha akhristu abwinobwino amene anangoiwala kubweza, ndipo kusabweza buku la gulu ndi kuba ndithu, koyenera kukatchula polapa. Inunso mukhale ndi kope lanu. Tsiku lililonse mulembemo mzere umodzi wa chimene mwamva ndi funso limodzi limene lakutsalirani, ndipo mafunsowo muzipita nawo ku mphakati.

Padzakhala masabata amene simudzatsegula buku: matenda, maliro, mayeso, ulendo. Zikatero musayese kubweza masiku onse otayika nthawi imodzi, pakuti apo ndi pamene anthu amagwera ulesi. Yambirani pamene munalekezera. Salimo limodzi m'mawa likhoza kukusungani m'masiku otere, ndipo popeza Masalimo alipo 150, limodzi patsiku amakufikitsani miyezi isanu. Mu Okutobala, mwezi wa Korona, musanayambe chinsinsi chilichonse muziyamba mwawerenga ndime ya Mthenga Wabwino imene chinsinsicho chachokera. Mu Novembala, pokumbukira akufa athu, werengani buku lachiwiri la Amakabeo, makamaka mutu 7 ndi mutu 12. Disembala akafika tsegulani Luka pa 1, mutu umodzi tsiku lililonse, ndipo mudzamaliza mutu 24 pa 24 Disembala, musananyamuke kupita ku Misa ya usiku.